Ngowe Imodzi

Ndimagulitsa petulo m'mabotolo akale a mafuta ophikira
pansi pa mtengo wa nimu, ku Bangula.
Dzuwa likafika paliwombo
ndimawafunditsa chiguduli chonyowa.

Dzulo mwana wa a Zuze, wa kusekondale uja,
anandiuza kuti utsi nawo uli ndi mtengo,
akuti kutali uko amauyeza pamatani
nkumakangana kuti alipire ndani.
Ndinaseka. Koma usiku tulo tinandithawa.

Ndinabwereka m'mutu sikelo ya ogula thonje.
Ndinapachika malita awiri
amene anathamangitsa Esinta kuchipatala pa njinga yamoto
mwana atapingasa m'mimba.
Lero mwanayo akupirikitsa mbuzi.
Ndinapachika pampu ya kudimba,
ndi boti la injini lomwe linatitsitsa mumtengo
titagawana nthambi ndi njoka masiku atatu.

Kenako ndinanyamula madzi omwewo,
mchenga umene Ruo anasanzira munda wa bambo,
ng'ombe zisanu ndi ziwiri,
manda a mayi, amene tikungoloza ndi chibwano,
mapira opserera asanabereke.
Ndinafunafuna mbali ina yoti ndiziike.

Sikelo ya thonje ili ndi ngowe imodzi.

M'mawa Alufandika wa kabaza wafika akukankha njinga:
theka la lita, adzalipira Loweruka.
Ndathira, ndalemba m'kope.
Utsi wake wakwera kukakumana ndi wa anthu
amene sadzamva n'komwe dzina la Bangula,
ndipo kope lawo sindikudziwa akusunga ndani.