Usiku Wotseka Mafomu

Ofesi yanga ilibe zenera.
Kale munkasungidwa matsache,
ndiye Januwale akafika kuno ku Kansas
chipale ndimachidziwira ku nsapato za ana
zikamasiya timadzi pakhomo.

Lero mafomu a ku koleji atseka pakati pa usiku.

Yaretzi wakhala pa kampando kogwedera kaja,
jekete osavula.
Fomu ikuti alembe za moyo wake.
Walemba mizere inayi, wafufuta isanu.
Akuti, Mayi Halvorsen, ine ndilibe nkhani.
Anzanga anakaona Ulaya, ena anakamangira amphawi nyumba.
Ine ndimangodzuka basi.

Umadzuka nthawi yanji?
Folo koloko.
Kukatani?
Kukatula bambo ku fakitale ya nyama,
maso awo sagwira msewu kukada.
Ndikabwerako ndiveke ang'ono anga,
ndiwerengere amayi makalata a kuchipatala
poti Chingerezi chimawathawa.
Masamu ndimasovera m'galimoto, kope pa chiwongolero,
injini ikulira kuti zala zisaume.

Ndati, lemba zomwezo.
Wandiyang'ana ngati ndamuuza avule pamsika.

Abdiweli walowa osagogoda,
mapepala a msonkho a amalume ake
ali m'pulasitiki ya buledi.
Tikufuna nambala imodzi yokha, ya pa mzere wina wake,
kuti boma lione umphawi wake n'kuuvomereza.
Taipeza pansi pa banga la tiyi.
Waseka. Akuti kusauka nako kumafuna umboni.

Tou Fue sanabwere.
Anandiuza Lachiwiri, maso ali pansi:
fakitale ikulemba anthu, malipiro Lachisanu lililonse,
fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Sindinamukakamize.
Ndinatumizapo mwana kutali ndi mawu okoma,
anabwerako ndi ngongole yopanda digiri.
Timakumana ku golosale, iye amandipatsa moni,
wozolika ndimakhala ine.
Komabe fomu ya Tou Fue ndaisiya m'dilowa ya pamwamba.
Makoleji ena satseka msanga.

Khofi wazizira kachitatu.
Bambo Delfino akukolopa m'khonde,
makiyi akuwaliza dala kuti timve,
koma magetsi sakuzimitsa.
Nawo ali ndi mdzukulu m'kalasi ya chaka chamawa.

Yaretzi akulemba tsopano, tatata, osapuma.
Walembamo fungo la malaya a bambo ake,
limene sopo analilephera kalekale.
Walembamo mawu a dokotala
amene anawatanthauzira mofewetsa kuti amayi agone.
Ine ndakonza timipumiro tiwiri.
Kwinako ndachotsa manja,
mawu a mwana sawathira mchere wa munthu wamkulu.

Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Chala chake chili lende pamwamba pa batani.

Akanditenga, akutero, bambo aziwatula ndani?

Zaka makumi awiri ndikudzazitsa mafomu,
mabokosi onse ndimawadziwa pamtima:
la mtundu, la malipiro, la amene anaphunzirapo kwanu.
La funso ili palibe.
Ndati, sindikudziwa, mwanawe.
Yankho lawo libwera mu Malichi.
Mpaka Malichi tili ndi nthawi yofunsa ku tchalitchi kwanu,
kwa anzawo a shifiti, kwa aliyense wa galimoto.
Lero ungogogoda. Zolowa tidzakamba akatsegula.

Wadina.

Kompyuta yazungulira, yazungulira,
ife mpweya osatulutsa,
kenaka kamzere kobiriwira: talandira.
Palibe nthungululu, palibe ng'oma.
Bambo Delfino angotsokomola pakhomo.

Panja kuli mbuu.
Galasi la galimoto yake laundana,
ndikulipala ndi chiphaso changa cha ntchito,
iye akuwerenga pa zala:
akafika n'kugona pompo,
apeza maola atatu ndi theka.