Mwala Wakuda wa Mbarka

Mbarka ankalondola ngamila yotsimphina
kum'mawa kwa Zagora,
komwe miyala yonse ndi yotuwa ngati mafupa.
Umodzi wokha unali bii.

Atautola, dzanja linatsika.
Kamwala kakang'ono chonchi?
Khungu lake lopserera, la timaenje,
ngati wina anaudina ndi chala usanaume.

Usiku wa dzana, anatero mlongo wake,
thambo linang'ambika, mbuzi n'kubalalika.

Wogula wa ku Erfoud anabwera ndi maginito paulusi,
n'kuucheka m'mbali:
m'kati muli timibulu,
takale kuposa dziko lenileni, akuti.
Anawerenga madirihamu, malovu kuchala.

Mbarka anagula thumba la balere
ndi nsapato za mwana.
Kachibenthu kotsala kali m'chitini cha tiyi.

Ngamila ija sanaipezebe.