Thumba la Jekete

Ndakhala ndikukonza mawotchi pa Lange Reihe, mu Hamburg muno,
kuyambira ndili ndi tsitsi.
Lero mutu ndi dzira, maso ndi obwereka kwa galasi,
koma zenera langa likadaona msewu.

Mu Ogasiti amatsika sitima ndi masutikesi a mawilo,
gudubu gudubu pamiyala,
anyamata awiriawiri, atsikana awiriawiri,
ena okana kuikidwa mbali iliyonse,
mbendera ya utawaleza ataibereka kumsana ngati khanda.
Amagwirana manja dzuwa likuswa mtengo
ndipo palibe ngakhale galu wouwa.

Ine ndi Ortwin tinalibe masana.
Tinali ndi jekete lake la kudoko,
lakuda, lonunkha phula ndi fodya wopichira,
ndi thumba lake lakumanzere.
Chisanu chikaluma tinkayenda moyandikana,
dzanja langa n'kulowa m'menemo mwakachetechete,
lake lili kale m'katimo kundidikira.
Banja lathu lonse linkakwana m'thumba limenelo:
khonde, chipinda, ndewu, kupepesana.
Chala chimodzi chikafinya, ndiye kuti ndakusowa.
Ziwiri, kumbuyoku kuli munthu, usacheuke.
Tinkadana ndi chilimwe.
Chilimwe chimavula anthu majekete.

Lamulo linali ndi nambala, 175.
Kanambala kokwana pachitseko cha nyumba,
koma kanameza amuna amoyo.
Magalasi a m'zimbudzi zina anali ndi maso kuseri kwake.
Mnzathu Hajo anamutenga Lachiwiri ali ndi buledi m'manja;
atabwerako ankalankhula ndi nsapato za anthu basi.

Ortwin sanadikire.
Mapapo anamukana kutatsala zaka zitatu
kuti boma liphunzire kutchula mawu oti ukwati pa ife.

Dzulo analowa awiri, lamba wa wotchi ataduka.
Wamtaliyo Wiebke, mnzakeyo Nesrin,
achokera ku Leipzig, amva kuti kuno n'kwabwino,
mapu a mabala ndi malo ovinira ali pa foni.
Ndinasoka lambayo, ndalama ndinakana.
Ndiye Nesrin: Bambo, tijambuleniko panjapo.

Anaima pakhomo la bekale,
anapsompsonana osafulumira,
monga mmene munthu amamwera madzi kwawo.
Ine foni m'manja, chala pa batani,
khosi langa linatembenuka lokha,
kumanzere, kumanja, kumapeto kwa msewu,
kuwalondera.
Wolumidwa ndi njoka amalumpha ndi luzi lomwe.

Mukuyang'ana ndani? anafunsa Wiebke akuseka.
Ndinati basi.
Sanaseke nthawi yaitali.
Anati, chisanu chathachi wina anatilavulira m'sitima,
anthu onse maso m'mafoni.
Nafenso timacheuka, bambo, kungoti sitilekana manja.

Chithunzicho chinatuluka chopendama.
Anati chili bwino choncho.

Madzulo ndinatseka msanga.
Mawotchi makumi anayi pakhoma
aliyense kunena nthawi yake, ndinawasiya akukangana.
Ndinatsitsa jekete lija pamsomali,
kutentha konseku, thukuta kamukamu,
ndinalivala, ndinatsetserekera ku Alster
kudutsa ng'oma zawo, malipenga awo,
mwamuna wa ndevu zobiriwira ali pa nsapato za gogoda,
wapolisi akumuthandiza kuwoloka.

Dzanja langa linadzilowera lokha m'thumba lakumanzere.
Ulusi unatha kalekale, muli chibowo,
muli tikiti ya sitima yosawerengeka
ndi tizinyenyeswa ta fodya.

Ndinalitulutsa.
Linali lotuwa, lamanyazi, ngati chinthu chokulira pansi pa mwala.
Ndinalisiya lilendewere pambali, lotambasuka,
pamsinkhu pomwe la Ortwin likanafika,
ndipo ndinayenda nalo choncho msewu wonse,
pamaso pa anthu,
ndikufinya mpweya ndi chala chimodzi.