Phukusi la ku Kakheti

Bambo anga ankayendetsa minibasi ya ku Zugdidi.
Anthu ankawapatsira timaphukusi pawindo,
tchizi chamchere, kalata, nsapato za mwana,
ndipo zaka makumi awiri ndi zitatu
sanamasulepo mfundo ya phukusi la mwini.
Ndawakumbukira usiku uno, mu labotale ya m'mwamba,
Tbilisi atagona, mtsinje wa Mtkvari ukung'ung'udza pansi pa mlatho,
chifukwa nanenso ndikusaka wonyamula katundu.

Katundu wanga saoneka ndi maso.
Ndi kachidutswa ka DNA, zilembo chikwi ndi mazana awiri,
kochokera mu mpesa wina wa ku Kakheti
umene sunafote chaka chimene anzake anauma gwa.
Ndikufuna makope mamiliyoni.
Bakiteriya ndiye mlembi wosatopa,
koma kalata yopanda envelopu amangoitafuna.

Pasiteji pali awiri.

Woyamba ndi pulasimidi, kamphete kofatsa.
Enzaimu imakadula, kha! malo amodzi okha,
nsonga ziwiri n'kutsala zili nyatanyata ngati ulimbo,
kudikira chomata nacho.
Kamanyamula pang'ono, koma kakalowa m'nyumba kamakhala,
mwininyumba akabala ana
aliyense amatengako kamphete kake.

Winayo ndi faji, vairasi yodya mabakiteriya,
mutu wangodyangodya, mchira ngati jakisoni.
A Otar Gelashvili, amene atsuka mabotolo muno
kuyambira ine ndisanabadwe, amamukonda.
"Uyo ndiye lole, Nutsa.
Mchotse zam'kati zimene sazifuna,
longedza zilembo zikwi makumi awiri, sadandaula."
Zoona. Koma ndaziona mbale zake m'mawa:
bwalo la mabakiteriya lili zibowo zokhazokha.
Dalaivala wanji wotula katundu
n'kuphulitsa nyumba imene wamulandira?

Ndinasankha kamphete.

Theka la ola pa ayezi.
Kenaka madzi a madigiri makumi anayi ndi awiri,
masekondi makumi anayi ndi asanu, osapitirira,
ndikuwerenga chamumtima ngati mwana wosewera chibisaliro.
Kubwerera pa ayezi.
Akuti podzidzimuka chotere khoma la bakiteriya limachita mpata,
mlendo n'kulowerera.
Ndimawathira pa mbale ya ampisilini.
Wopanda mphete sauona m'mawa.

Otsalawo amadziulula okha ndi mtundu.
Kadontho kabuluu: mphete inadzitseka yokha, mulibe kanthu.
Kadontho koyera: katundu ali m'kati.

Masabata atatu, buluu yekhayekha.
Minibasi mazanamazana zofika bwino lomwe,
pa nthawi yake, mipando ili mbee.
Ndinasintha enzaimu. Ndinakayikira madzi, ndinakayikira firiji,
ndinakayikira manja anga.
Mayi anaimba foni kufunsa ngati ndikudya.
Ndinati inde.

Lero a Otar afika mbandakucha,
chipale chofewa chili pa chipewa,
andipeza nditatsamiritsa chipumi pa chitseko cha chofungatira.
"Kuona maso a nkhono n'kudekha," atero,
n'kutulutsa mbale yachinayi, kuikweza ku nyali.
Buluu. Buluu. Buluu.
Chala chawo chokhakhala ndi sopo chaima m'mphepete,
pamene ndinalemba deti ndi cholembera chakuda.
Pansi pa nambala seveni
kadontho kochepa kuposa njere ya mpiru,
koyera.

Ndinafuna kukuwa, mawu sanabwere.

"Usavine msanga," atero, akuvula jasi.
"Koyera kamathanso kunama.
Mwina kanyamula zinyalala, mwina katundu walowa chadodolido."

Ndatenga kamtengo kotokosera m'mano kophikidwa bwino,
ndakhudza kadonthoko, ndaviika mu msuzi wofunda.
Usiku wonse botolo ligwedezeka pa makina,
mmodzi akhale awiri, awiri akhale anayi,
mpaka madzi achite chifunga.

Mawa ndidzawaswa, ndidzatulutsa timphete,
ndidzadula pomwe ndinamata paja
kuti ndione chimene chili m'katimo.

Bambo, mundikhululukire.
Phukusi ili ndimasula.