Njerwa Imodzi Lamulungu Lililonse

Bambo mfumu watsopano wandipempha mbiri ya parishi,
mizere khumi basi, yoti aigobe pamwala wa pakhomo.
Ndati chabwino, Bambo.
Cholembera chili m'manja kuyambira Lachiwiri.

Ndiyambire pa mchenga.
Kuno kumapeto kwa Lima mvula sikugwa,
kumangobwera nkhungu yonyowetsa tsitsi, yosameretsa kanthu.
Tinatsika kumapiri usiku pa lole ya mbatata,
ine ndili wa zaka zisanu ndi chimodzi.
Kutacha, chitunda chonse chinali mphasa zokhazokha:
zinayi ndiye nyumba,
yachisanu denga, kwa amene anali nayo.

Tchalitchi choyamba chinadya mphasa khumi ndi ziwiri.
Guwa linali chitseko chogonekedwa pa migolo ya madzi,
ndipo madziwo anali ogula,
moti Bambo Evaristo pobatiza ankadontheza
ngati munthu wothira palafini womaliza m'nyali.
Belu linali limu ya lole.
Bambo anga, a Fortunato Huaranga, ankaimenya ndi sipanala,
agalu onse n'kuyankha Akhristu asanafike.

Za njerwa anayambitsa ndi mayi Eulogia Ccanto,
ogulitsa chimanga chophika pa siteji ya basi.
Anati ndalama tilibe, koma manja aliyense ali nawo awiri.
Banja lililonse, Lamulungu lililonse, njerwa imodzi.
Zinkabwera m'matumba a msika, m'nsalu zoberekera ana,
ina pambali pa khanda lenileni.
Zina zinali zakuba, tonse tinkadziwa.
Bambo Evaristo anati mwini wake akazilondola
adzazipeza zikupemphera.

Khoma litafika m'chifuwa, chivomezi chinaligwetsa.
Tinatola zosasweka, n'kuyambiranso.

Chaka cha kolera mabenchi anasanduka mabedi,
madiripi atakolekedwa pa misomali ya Njira ya Mtanda.
Mng'ono wanga Teófila anatsirizika pansi pa chithunzi chachisanu ndi chinayi,
pamene Ambuye agwa kachitatu.
Mpaka lero ndikamasesa, pamenepo ndimafulumira.

Tsopano taonani.
Misa zisanu pa Lamulungu, matailosi oterera,
sukulu ya mkaka, kachipatala, makwaya atatu osalankhulana.
Sitima yamagetsi imadutsa pamwamba pa msewu,
mazenera n'kunjenjemera wansembe atakweza chikho.
Belu ndi batani, ndimadina ndine,
limalira ngati la tchalitchi cha dziko lina
kumene sindinapiteko.
Buku la ubatizo lafika lachimakumi anayi,
ndipo maina a makolo asintha:
ochokera kunkhalango, ochokera ku Venezuela,
ogulitsa maswiti m'mabasi,
amandifunsa mwaulemu ngati ubatizo ndi wolipira.
Adzukulu a onyamula njerwa aja
amadandaula kuti alendo awakhalira benchi yawo.

Mizere khumi.
Tsiku limene Ambuye Episkopi anadalitsa, mzere umodzi.
Maina a ansembe asanu ndi awiri, mizere itatu.
Nanga mayi Eulogia, amene anafa denga lisanakwere?
Nanga mwini njerwa zakuba uja?

Dzulo kunabwera mnyamata, fumbi mpaka m'nsidze,
dzina lake Wílmer Taipe,
wochokera pamwamba penipeni pa chitunda,
kumene masitepe a simenti amathera, mphasa n'kuyambiranso.
Akuti Loweruka madzulo amasonkhana anthu makumi awiri,
koma alibe choitanira anzawo.

Ndinamutengera kumosungira katundu,
kuseri kwa bulu wothyoka khutu wa khola la Khirisimasi.
Limu ija inali pompo, yadzimbiri, yolemera ngati kale.
Ndinamupatsa, ndi sipanala yomwe.
Anaikunkhuniza mpaka pachipata, kenako n'kuisenza.

M'mawa uno, nkhungu isanayere,
ndamva agalu a kumtunda akuyankha.

Bambo mfumu wafunsanso za mwala uja.
Ndati ndikulemba, Bambo.
Pepala lidakali loyera.