Tsinde la Dzungu

Ku Bunda, Lachitatu m'mawa,
Mayi Nankhoma adandipatsa lezala ndi tsinde la dzungu.
"Cheka mopyapyala," adatero, "mpaka kuwala kudutse."
Kasanu konse ndidaphonya.
Kachisanu ndi chimodzi kachidutswa kadayandama m'dontho
ngati khoko la anyezi.

Utoto wofiira, galasi, diso limodzi lotsinzina.
Ndipo ndidaona mudzi wa zitsime,
zazikulu pakati, makoma okhuthala, m'kati mbee,
zing'onozing'ono zitaunjikana m'mbali.

"Zazikuluzo n'zakufa," adatero akupukuta manja.
"Selo limakula, limalimbitsa khoma,
kenako limafa, kusiya mpata.
Lakufa pamwamba pa lakufa linzake,
kuchokera kumuzu mpaka kunsonga ya tsamba,
madzi n'kumakwera."

Sindidalembe.
Ndimaganiza za bambo anga, a Jelasi,
sipanala m'thumba lakumbuyo, matope mpaka m'mawondo,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'ngalande za ku Kawale,
akulumikiza paipi ku paipi inzake.
Tidawaika chaka chatha, mvula isanagwe.
Koma mukatsegula mpopi pa Chilinde
madzi a ku Malingunde amadutsabe
m'mfundo zomwe adamanga ndi manja awo.

"Nanga zazing'onozi?"
"Zamoyo. Zimasenza shuga wophikidwa m'tsamba
kupita kulikonse kuli njala,
kumuzu, kuduwa, kukadzungu kongobadwa kumene.
Pakati pawo pali tisefa.
Kuti katundu adutse zidataya pafupifupi zonse zam'kati,
ndiye lililonse lili ndi mnzake wapambali
womalisunga ndi moyo."

Apo ndidaseka ndekha.
Amayi, ndi beseni la mandasi pa depoti,
ndalama kulowa m'manja, kutuluka osagona,
fizi, lendi, sopo, thiransipoti yanga.
Ndi mng'ono wawo Eneresi, wosatchulidwa pamaliro,
amene amawakumbutsa kudya.

Loweruka ndidakwera minibasi ya ku Mitundu kubwera kunyumba.
Mpopi udali wouma kuyambira dzana.
Amayi adakhala pakhonde akusadzula nkhwani,
kuthyola, kukoka, ulusi wobiriwira kugwa pansi,
kuthyola, kukoka.
Ndidatola umodzi, kuuyang'anitsa padzuwa.

"Wataya chiyani m'zinyalalamo?" adafunsa.
Ndidafuna kufotokoza zonse,
makoma, tisefa, akufa otunga madzi.
M'malo mwake ndidati, "Mwadya?"

Adayang'ana Eneresi.
Eneresi adapukusa mutu, nadzuka kukasonkha mbaula.
Kuseri kwa nyumba paipi idatsokomola kawiri,
kenako tidamva ndowa ikuyamba kulira.