Asidi wa Nyerere

Bambo anga, a Vinko Pogačnik, amamudziwa ndi dzina limodzi basi:
asidi wa nyerere.
Botolo lake limakhala pashelefu m'kanyumba ka njuchi
kuseri kwathu ku Radovljica,
pakati pa magolovesi obooka ndi chofukizira utsi.
Ogasiti akafika, uchi atakolola,
amanyowetsa kansalu n'kukaika pamwamba pa mng'oma
kuti utitiri woyamwa njuchi uyoyoke.

Ine, ku labotale ya ku Ljubljana,
ndimalemba dzina lina pabotolo: methanoiki.
Dzinali limangowerenga kaboni, n'kupeza mmodzi,
ngati mlembi wa kalembera
amene safunsa kuti kwanu mvula yagwa bwanji.
Bwana wanga, mayi Hribar, amati fomiki,
dzina lachidule la munthu amene ali pachangu,
ndipo nyerere ilimo ndithu, yangobisala m'Chilatini.
Pabolodi timalemba zilembo zisanu.
Mkulu wofufuta zikopa amene amabwera Lachinayi
amangoloza ndi chibwano: woluma uja.

Kwa zaka zinayi ndinkawakonza bambo patebulo.
Ndinkati dzina lanulo n'lakale,
la anthu amene ankaphika nyerere mumphika wagalasi
n'kutunga nthunzi yake.
Iwo ankangopaka uchi pabuledi, osayankha.

Ndiye Loweruka lina chivindikiro chinakana,
anachikakamiza, botolo linalavula.
Dzanja lamanzere linayera ngati pepala.
Ndinalitsira madzi pampopi mpaka zala zanga kuchita dzanzi,
kenako galimoto, msewu wa ku Jesenice,
ng'ombe zikutiyang'ana ngati palibe chachitika.

Namwino anafunsa: Ndi mankhwala anji?
Ndinati methanoiki,
ndi mawu anga a kuntchito, owongoka bwino.
Cholembera chake chinaima m'malere.
Anandiyang'ana, nayang'ana mnzake.
Bambo, mano ali gwa, anati:
Wa nyerere, mwanawe. Wa njuchi uja.
Namwino anagwedeza mutu, amalume ake nawonso ali ndi ming'oma,
ndipo anali atatsegula kale kabati.

Sindikunena kuti dzina langa linalakwa.
Lolemba ndinalilembanso, ndipo ndidzalilemba mawa,
pakuti wa ku Osaka ndi wa ku Lima
akaliwerenga amatenga botolo lomwelo.
Koma usiku uja silinandithandize.
Linali ngati kiyi wabwinobwino
amene ndapita naye pakhomo la eni.

Tsopano dzanja lili m'bandeji, njuchi ndikusamalira ndine.
Dzulo ndagula botolo latsopano.
Ndinatenga cholembera chakuda,
ndinaima nthawi yaitali,
kenako ndinalemba mayina onse atatu, lina pansi pa linzake,
la bambo pamwamba, ndi zilembo zikuluzikulu
poti maso awo ayamba kufooka.

Pazenera la khichini nyerere zapeza dontho la uchi.
Zandanda mzere kuchokera pamng'alu wa khoma,
iliyonse ndi kabotolo kake m'mimba
kopanda cholembedwa chilichonse.
Bambo akuti ndizisiye.